Mwana Wanga pa Khoma la Golosale

Mwana wanga wachiwiri anabadwa wonenepa, ndipo kunenepa kwakeko ndi kumene kunatilowetsera tsoka pamudzi. Mwiniwake alipo mpaka lero, ndi bambo wa ana ake, woonda ngati mpini wa khasu. Tsokalo linamudumpha iye, n'kukagwera mwana wa mng'ono wanga.

Tinkakhala kumtunda, mbali ya ku Kasina, kumene chisanu cha Juni chimaluma mpaka m'mafupa. Tinkalima chimanga, nyemba, kabichi ndi mbatata ya kachewere. Nyumba yanga ndi ya mng'ono wanga zinali zoyang'anizana pamudzi pa amayi athu, amuna athu onse awiri akamwini. Mtondo unali umodzi. Wina akapita kudimba, mnzake ankabereka ana onse, wina kumbuyo wina kutsogolo.

Tsiku la msika tinkasenza kabichi kutsetserekera ku Linthipe. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo polowera mumsika pankaima anyamata a malaya ofiira ofunsa kadi ya chipani. Yanga ndinkaimanga pa nsonga ya chitenje, pamodzi ndi fodya wa amayi. Tikagulitsa, tinkalowa m'golosale ina ya m'mbali mwa msewu kukagula mchere ndi parafini. Eni ake anali bambo wamfupi, wokonda kuseka, ndipo analinso tcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Aliyense ankangowatchula kuti atcheyamani. Akaseka iwo, nawe unkaseka, kaya nthabwalayo waimva kaya ayi.

Tsiku lina ndikumasula mwana kuti ndimuyamwitse pakhonde pawo, atcheyamani anatuluka n'kuima chogwira m'chiuno.

"Mayi, mwanayu mumamudyetsa miyala kodi? Taonani kulemera kwake."

Kwathu mwana sanenedwa kuti ndi wolemera. Ukatero wamuitanira matenda. Ndinatembenuka n'kulavula pansi mobisa, kenaka ndinaseka monga ankafunira.

Panali munthu wina woyenda pa njinga, wojambula zithunzi, amene ankaima pamsika. Atcheyamani anamuitana, anati amujambule mwanayo, zolipira n'zawo. Anamukhazika pa kauntala. Atayamba kulira anamugwiritsa kapu yachitsulo yopanda kanthu, iye n'kuseka. Patapita masabata anandipatsa kachithunzi kakang'ono ngati chikhatho cha mwana. Ndinakondwa, sindibisa. Pamtundu pathu ponse panalibe amene anajambulidwapo. Ndinakasomeka kuseri kwa mtanda wa pakhoma, anthu ankabwera kudzakaona.

Titakolola, ndinalowanso m'golosale muja. Ndili pa mzere ndinamva mayi wina akundikodola.

"Si wanu uyo?"

Ndinakweza maso. Pamwamba pa mashelefu, pafupi ndi denga, panali chithabwa chachikulu chopenta, ndipo pa chithabwapo panali mwana wanga. Masaya anawawonjezera, khungu analiyeretsa pang'ono, koma anali iye. Mendulo ya ubatizo inali m'khosi, ndi khutu lake lakumanzere lija lopindika ngati tsamba la nyemba. M'kapu muja, mmene munalibe kanthu, anapentamo zoyera zosefukira. Pambali pake anajambula paketi, ndipo mapaketi enieni anali atawunjikana m'munsi mwake pa shelefu. Unali ufa wina wochokera kutauni, atcheyamani ankautcha ufa wa ana. M'munsi pang'ono mwa chithabwacho, chakumanzere, munali chithunzi cha mwini dziko, chimene chinkakhala m'sitolo iliyonse.

Nditafika pa kauntala ndinalankhula motsitsa mawu.

"Atcheyamani, mwana wangayu ufa umenewu sanaulawepo. Ndi bere, ndi phala la mgaiwa la nsinjiro basi."

"Ndani wanena kuti anaulawa?" anatero akundiyezera mchere. "Mwana wanu watchuka, mayi. Ena amafa osakwera pakhoma. M'malo mothokoza?"

Anaseka, anthu a pa mzere anaseka, nanenso ndinatulutsa mano.

Chaka chomwecho mng'ono wanga anatumbiza. Mwana wake wamkazi anali atangoyamba kuimirira chogwira chipupa pamene mayiyo anazindikira kuti ali ndi pakati pena. Amayi athu ndi azakhali anagamula monga ankagamulira kale: mkaka wa mayi wapakati ndi wowonongeka, mwana asiye bere lero lomwe. Anapaka tsabola kumabere, mwana anakagona kwa agogo ake. Analira masiku angapo mpaka mawu anasasa. Phala ankalilavula. Anali kamwana kochangamuka, kokonda kukoka ndevu za bambo ake, koma tsopano kankangokhala pa mphasa n'kumayang'ana nkhuku.

Mng'ono wanga anagwira thadzi lake, anakagulitsa ku Linthipe, n'kubwerako ndi mapaketi aja. Anausungunula ufawo m'madzi otentha, unalimba pang'ono ngati phala lamadzimadzi, ndipo mwana anameza. Anamaliza kapu yonse n'kunyambita supuni. Mayi ake analira ndi chimwemwe.

Ndinaviika chala n'kulawa. Unali wotsekemera, woterera pa lilime, koma ukameza sipankatsala kanthu. Zinali ngati madzi otsukira mphale othira shuga.

"Iwe, izi muzimupatsa zongonyengerera pakamwa," ndinatero. "Koma phala lenileni asasiye. Ndikusinjira mtedza."

"Phala lanulo akulikana, achemwali. Uwu akudya."

"Akudya shuga."

"Nanga wanu uja ananenepa ndi chiyani?"

"Ndi bere. Unkandiona wekha."

"Masana ndinkakuonani. Zam'nyumba mwanu ndingazidziwe?"

Ndinamuyang'ana, ndinkayesa akuseka. Sankaseka. Mumtima mwake anali atakhazikitsa kuti ine ndinkagula ufawo mobisa, ndipo tsopano ndinkamumana nzeru kuti mwana wanga yekha ndiye azitchuka. Munthu amene tinayamwa bere limodzi. Ndinalumbira pa mtanda, ndinalumbira pa manda a bambo athu. Iye anangoti:

"Munthu angapente bodza n'kulikhoma pambali pa mwini dziko? Akanamangidwa kale."

Mwana atazolowera zotsekemerazo anakaniratu china chilichonse. Nkhuku zinatha, nyemba za mbewu zinayamba kupita. Kenaka masaya a mwana anayamba kudzaza. Mapazi anadzaza, manja anadzaza. Mmawa wina mng'ono wanga anabwera naye pakhomo panga akumwetulira, kwa nthawi yoyamba m'miyezi.

"Tamuonani, achemwali. Wayamba kufanana ndi wa pachithunzi."

Ndinamulandira. Tsitsi lake linali litafiira, lopyapyala ngati ndevu za chimanga. Sanandisekerere, sanalire. Ndinadina phazi lake ndi chala, ndipo nditachotsa chalacho dzenje linatsala pomwepo, osabwerera.

Amayi athu nawo anaona, koma iwo anaona zawo. Anati ili ndi tsempho. Ife tinkapita ku misa Lamulungu lililonse, koma za makolo sitinkazisiya pakhomo la tchalitchi. Mwana akatupa, ndiye kuti bambo kapena mayi wayenda njira yolakwika n'kubwera kudzakhudza mwana, kapena mayi wathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Maso onse anatembenukira kwa mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wangayo. Anali munthu wofatsa, woluka malichero, amene ngakhale ku mowa sankapita. Anamukhazika pansi, azakhali akumufunsa kuti aulule mkazi amene anapita naye. Iye ankangopukusa mutu, misozi ili m'maso. Azakhaliwo anafuna mizu, anamusambitsa mwana, anamumwetsa. Akatha kumwa mizuyo ankamupatsa ufa uja kuti atsukuluze kuwawa.

Ndinamuchonderera mng'ono wanga kuti tipite naye ku sikelo ku mishoni. Anakana. Ankaopa kuti anamwino akamudzudzula pamaso pa amayi onse chifukwa chotumbiza, ndipo mimba inali itayamba kuoneka. Choncho tsiku la sikelo ya mwana wanga ndinatenga paketi yopanda kanthu n'kukaonetsa namwino wina wachikulire. Anainunkhiza, anaitembenuza.

"Izi ndi zimene anthu olemera amadya akakhuta kale, zongotsekemeretsa pakamwa. Mwana sangakule nazo. Bwerani naye mwanayo msanga."

Ndinamufotokozera za chithabwa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Anati ku boma kuli ofesi yoyang'anira misika ndi masitolo, imene imatha kuletsa malonda achinyengo. Kenaka anawonjeza kuti, "Koma simunamve kwa ine."

Nditabwerera ndinamuuza mng'ono wanga zonse. Anali akukonola pa mtondo, sanasiye musi.

"Anamwino amadana ndi za m'sitolo, amafuna tizingopita kwa iwo. Tsiku limene boma lidzachotse chithunzi chija, ndidzakukhulupirirani. Ndidzamunyamula ndekha kupita naye ku mishoni."

Mawu amenewo ndi amene anandiimiritsa. Ine sukulu sindinaiponde, ndipo ku boma ndinali ndisanalowepo m'nyumba ina iliyonse kupatula chipatala. Koma ndinaona kuti moyo wa mwana uja wapachikika pa misomali ya chithabwa chija.

Amuna anga anamva izi akusula khasu.

"Ukukasuma atcheyamani."

"Ndikukasuma thabwa."

"Thabwa lili ndi mwini wake. Ine pano ndine mkamwini, akabwera anyamata ofiira aja adzayamba ndi ine. Unamuona mphunzitsi uja anangofunsa za ndalama za msonkhano? Anabwerako?"

"Ndiye mwana afe?"

Mmawa mwake ndinapeza atandiikira jekete lawo pa mpando.

Ndinatsikira ku msewu nkhungu isanachoke, ndinakwera lole ya mbatata yopita ku boma, pamwamba pa matumba, mwana wanga kumbuyo. Mphepo ya pamenepo siiwalika. Nditatsika ndinafunsa kwa amayi ogulitsa nthochi, anandilozera nyumba ya njerwa ya khonde lalitali. Pakhomo panali mesenjala wa kabudula wa khaki, mawondo atatuwa ndi chisanu.

"Kadi."

Ndinamasula nsonga ya chitenje.

"Mwabwera ndi chiyani, mayi? Msonkho ndi khomo ilo."

"Ndabwera ndi dandaulo."

"Dandaulo?" Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Dziko lili pa mtendere chonchi, inu n'kukhala ndi dandaulo?"

"Ndi la ufa, bambo."

"Aa, la ufa. Khalani apo."

Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa linapendeka. Ondipeza ankalowa, n'kutuluka. Ndinayamwitsa, ndinadya mbatata yootcha imene ndinanyamula, ndinayamwitsanso. Pomaliza mesenjala uja, mwina atatopa kundiona, anandilowetsa.

Abwana ake anali munthu wa imvi zoyamba kumene, atavala juzi mkati mwa jekete, akutsokomola. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sindinkayembekeza. Ndinafotokoza kuyambira pachiyambi. Ndinamasula mwana n'kumuimika pa tebulo, ndinawaonetsa khutu lopindika ndi mendulo, ndinatulutsa kachithunzi kakang'ono kaja kuti aone kuti m'kapu munalibe kanthu. Anamvetsera ndithu. Ankalemba.

"Pa thabwapo panalembedwa chiyani?"

"Sindiwerenga, bwana. Koma anthu amati palembedwa kuti mwana wathanzi, mayi wokondwa."

"Nanga mwanayu si wathanzi?"

"Ndi wathanzi."

"Inu simukondwa naye?"

"Ndimakondwa."

"Ndiye mukuona vuto langa, mayi. Mawuwo sakunama. Ufawo si poizoni, sunawole, ulibe anankafumbwe. Lamulo limene ndili nalo ine limagwira zolembedwa ndi zowola."

"Koma ife kwathu sitiona zolembedwazo, bwana. Timaona mwana ndi kapu."

Anapumira m'mwamba. "Golosaleyo ndi ya yani?"

Nditawauza, cholembera chinaima. Anachiika pansi pang'onopang'ono, anadzuka, anakatseka chitseko chimene chinali chotsegula pang'ono. Atabwerera sanalembenso. Anang'amba pepala lija n'kuliika m'thumba la jekete.

"Muli ndi ana angati?"

"Awiri."

"Ine ndili nawo ochuluka kuposa apo."

Mwana wanga ankaseweretsa chidindo cha pa tebulo. Ndinayamba kumubereka kuti ndizipita, pamene abwana aja anandifunsa ngati munthu amene wakumbukira kanthu.

"Thabwalo lakhomedwa pati?"

"Pamwamba pa mashelefu, pafupi ndi denga."

"Nanga chithunzi cha mwini dziko?"

"M'munsi mwake pang'ono, chakumanzere."

"M'munsi? Mwaonetsetsa?"

"Ndimaliona tsiku lililonse la msika."

Ine sindinkadziwa, koma masiku amenewo panalibe chithunzi, kalendala kapena wotchi imene inkaloledwa kukhala pamwamba kuposa nkhope ya mwini dziko. Abwana aja anatsamira mpando, nkhope yawo inamasuka pang'ono.

"Za ufa sindingazithe, mayi. Koma ichi chokha, ngakhale tcheyamani sangachikane. Pitani. Thabwalo litsika. Ndipo inu kuno simunabwere."

Ndinabwerera ndi mtima wopepuka. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti tsiku la msika likubwerali tipitire limodzi, akadzionere yekha. Pa nthawiyo khungu la mwana linali litayamba kusupuka m'miyendo ngati khoma lonyowa, maso atatsala timing'alu.

Tsikulo galimoto ya boma inaimadi pa golosale. Anatsika abwana aja ndi mesenjala. Anthu anasonkhana pakhonde, ife tili pakati pawo. Sitinamve zonse, koma tinaona abwana akuloza m'mwamba, ndipo tinaona atcheyamani, munthu amene sankagwadira aliyense, atavula chipewa, thukuta likutsika m'chisanu chimene chija. Anakwera okha pa mpando, anazula misomali. Thabwa linatsika. Ndinagwira dzanja la mng'ono wanga n'kulifinya.

Atcheyamani anaima nalo thabwalo m'manja, akupuma. Kenaka anafunsa mofatsa, mwaulemu kwambiri:

"Bwana, ndikaliika panja, m'munsi, pali mlandu?"

Abwana anayang'ana pansi. Anayang'ana gulu la anthu, ndipo ndikhulupirira kuti anandiona. Anatsokomola.

"Likakhala m'munsi, palibe mlandu."

Analikhoma pakhonde pomwepo, pambali pa chitseko, galimoto ya boma isanachoke. Kale unkayenera kulowa m'sitolo ndi kukweza maso kuti ulione. Tsopano linali loyang'ana ku msewu, pa msinkhu wa nkhope ya mayi, moti aliyense wopita kumsika ankakumana nalo maso ndi maso. Ana ankafika n'kumasisita masaya ake.

Mng'ono wanga anachotsa dzanja lake m'dzanja langa.

"Mwaona? Boma labwera, laliyang'ana, lati lituluke panja kuti aliyense alione."

"Si choncho. Tamvera, ndikuuze."

"Mwandiuza zambiri, achemwali."

Analowa m'golosale, mwana ali kumbuyo, n'kutuluka ndi paketi. Atcheyamani anandipeza ndili chiimire pakhonde. Anali atavalanso chipewa.

"Mayi a mwana wotchuka," anatero akumwetulira. "Ndamva kuti masiku ano mumakwera malole. Muzisamala, msewu uja uli ndi ngozi."

Sindinatulutse mano tsiku limenelo.

Ku mishoni mng'ono wanga anapita naye pamene mwana anasiya kumeza ngakhale ufa womwewo. Anamwino anayesetsa. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, anthu ali pa kalikiliki wobzala, moti pa maliro panali anthu ochepa. Bokosi lake analikhoma ndi matabwa a chitseko cha khola. Ponyamula, azakhali ananong'ona kuti kalemera, ndipo palibe amene analavula.

Pamudzi mlandu unagwera amene unkayenera kumugwera malinga ndi maganizo awo. Anati tsempho lapha mwana, ndipo mlamu wanga anakana kuulula mpaka mapeto. Ankhoswe anakumana, ukwati unatha. Anachoka mmawa wina ndi mphasa, khasu ndi mpeni wake wolukira, malichero osamaliza anawasiya pakhonde. Ndinayesa kunena za ufa pa bwalo la ankhoswe lija. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ufa umatupitsa munthu kuyambira liti?" Anthu anagwedeza mitu. Amuna anga anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

Mng'ono wanga anabereka mwana wamwamuna, ameneyo anakula. Tinapitiriza kukhala moyang'anizana, kusinja pa mtondo umodzi, kulima m'malire amodzi. Sitinakanganepo. Koma mwana wanga uja sanamuberekenso. Akathamangira kwa iye, ankapeza chochita ndi manja ake. Akamupatsa chakudya, ankaika mbale pansi n'kuyang'ana kumbali.

Thabwa linakhala pakhonde paja zaka. Ine ndinasintha njira, ndinkazungulira kuseri kwa chigayo, mchere ndinkatuma anzanga. Amayi ena ankagulabe ufawo, ndipo ndikamva kuti kumudzi wakutiwakuti mwana watupa, sindinkafunsa zambiri. Dzuwa ndi mvula zinagwira ntchito imene boma linailephera. Utoto unayamba kusupuka m'masaya, kenaka m'manja, mpaka panatsala kapu ndi khutu limodzi. Ufawo utasiya kubwera, ndinamva kuti thabwalo analitchingira zenera losweka.

Tinakalamba, amayi anapita, amuna anga anapita, chipani chija chinatha. Chaka chimene mng'ono wanga anayamba kudwala chifuwa chimene chinamutenga, tinali pakhonde pake masana ena tikusola nyemba. Mwana wanga anadutsa pa njinga, atanyamula matumba a mbatata, mafupa a m'khosi ali poyera. Anatipatsa moni. Mng'ono wanga anamutsatira ndi maso mpaka anakhota pa nsungwi, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita.

"Ndiye sanaulawedi?" anafunsa, maso ali m'lichero.

"Sanaulawe."

Anagwedeza mutu pang'ono. Anatola khoko lina, analitsegula ndi chala chachikulu, nyemba zinagwera m'lichero. Tinasola mpaka mthunzi unafika pa mtondo.